Tsiku la ku Guzhen, kasikelo kali m'chikwama

Ndinadzuka 5 koloko kukadali mdima, koma thukuta linali litayamba kale. Kutentha kwa mzinda wa Guangzhou kuno ku China mu Seputembala n'kwachinyontho, kumakhala ngati kwa ku Nsanje mvula ikamafuna kugwa. Kumudzi inali 11 koloko usiku, poti kuno tili patsogolo ndi maola 6, ndiye sindinavutitse munthu pa foni. M'chikwama ndinaikamo pasipoti, nyale ya sola ya sampulo yomwe ndinatenga mu Epulo, kasikuludiraiva, ndi kasikelo ka kukhitchini komwe ndimayezera ufa wa keke. Kasikeloka ndi komwe kagwira ntchito yaikulu lero.

Ndimagona ku Xiaobei, komwe anthu ambiri ochokera ku Africa amafikira. Kuchoka apa ndi sitima ya pansi pa nthaka, nambala 5, kutsika siteshoni yotsatira n'kulowa nambala 2 mpaka kumapeto kwake, pa Guangzhou South. Pamenepo umakwera sitima yothamanga yopita ku Guzhen, ndipo tikiti yake ndi pasipoti yomwe, umangoigunditsa pageti. Khamu la m'mawa pasiteshonipo limandizunguza mutu ulendo uliwonse. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 18 miliyoni mumzinda uno wokha, pomwe wa kwathu wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni dziko lonse. Ndiye mukaona wogulitsa sakukunyengererani, musadabwe. Makasitomala ali nawo pakhomo.

Guzhen ndi tauni ya m'dera la Zhongshan, ndipo ntchito yake ndi nyale basi. Msewu wonse nyale, kuseri kwa msewu mafakitale a nyale, kuseri kwa mafakitale ena opanga mawaya, tizipangizo ta mkati ndi makatoni a nyale zomwezo. Fakitale yomwe ndimagulako nyale za shopu yanga ili m'nyumba yosanja, nsanjika yachinayi, ndipo kunena zoona sipanga kanthu. Pulasitiki imachokera kwa wina, panelo kwa wina, mabatire kwa winanso, iwo amangolumikiza. Ichi ndinachidziwa mochedwa. Poyamba ndinkaganiza kuti ndikagwirana chanza ndi mwini fakitale ndiye kuti ndaona gwero la katundu wanga, chonsecho kumbuyo kwake kuli anthu asanu omwe sindidzawaona.

Laoban, ndiye kuti bwana m'chinenero chawo, anandilandira ndi tiyi wa m'timakapu tating'ono ngati tivindikiro ta botolo. Ukamaliza amathiranso, ukamaliza amathiranso. Ulemu wake ndi womwewo, ndipo nkhani ya ndalama siyamba tiyi asanazungulire kangapo. Mtsikana wa mu ofesi amene timalemberana pa WeChat, yomwe ili ngati WhatsApp ya kuno, ndi amene amatanthauzira. Makatoni anga 50 anali ataunjikidwa pakhonde, lililonse nyale 60, zonse 3,000. Mu Julaye ndinalipira dipoziti ya 30 peresenti, monga mwa chizolowezi cha kuno, ndipo 70 yotsalayo imaperekedwa katundu asanatuluke pageti. Iwo ankayembekeza kuti ndangobwera kudzadalitsa makatoniwo n'kutumiza ndalama.

Ananditsegulira katoni yapamwamba. Ndinathokoza, kenako ndinaloza ya pansi penipeni pakona. Anyamata anayang'anizana, koma anaitulutsa. Nyaleyo inali yokongola, mtundu womwewo, dzina la shopu yanga litadindidwa bwinobwino, ikuwala ngati sampulo. Ndinaika sampulo pasikelo, kenako yatsopanoyo. Kusiyana magalamu 24. Ndinatenga ina, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu.

Nditamasula, zinaoneka. Nyale izi zimakhala ndi mabatire awiri a mtundu wa 18650. Batire labwino la mtunduwu limalemera pafupifupi magalamu 45, ndipo labwino koposa silipitirira kwenikweni 3,500 mAh, womwe ndi muyeso wa moto umene batire limasunga. Mukaona lolembedwa 9,900 mAh pamsika, limenelo ndi bodza la inki. Anga anali olembedwa manambala ofanana ndi a mu sampulo, koma lililonse linali lopepuka ndi magalamu 12. Batire likapepuka ndiye kuti za mkati zosunga moto zachepa. Mayi wa ku Ntcheu amene wagula nyale kuti ana awerengere saona zimenezi pa tsiku logula. Amaziona sabata yachitatu, nyale ikayamba kuthima 9 koloko, ndipo sabwerera ku Guzhen. Amabwera ku Limbe, pakhomo pa shopu yanga.

Ndinakwiya, ndipo mawu ena omwe ndinalankhula m'Chichewa ndikuthokoza kuti panalibe wowamva. Laoban sanakane, sanachitenso manyazi. Anatenga calculator, analemba 26, n'kuloza sampulo. Anafufuta, analemba 22, n'kuloza makatoni. Mtsikana uja anangoti, "Madam, mtengo wake ndi umenewo." Apa mtima unandigwa pang'ono, chifukwa zoona ndi zoti mu Julaye ndinalimbana nawo masiku anayi pa WeChat mpaka anatsika kuchoka pa 26 yuan, ndalama ya kuno, kufika pa 22 pa nyale imodzi, ndipo ndinadzitama kwa anzanga kuti Mtchaina ndamugonjetsa. Kwathu munthu ukamunenerera kwambiri amakuuza kuti mayi, pamenepo sindingathe, pitani kwina. Kuno ambiri sakana. Amati mei wenti, palibe vuto, kenako ma yuan anayi aja amakawachotsa mkati mwa katundu, pamalo pomwe diso silifika. Pepala lathu la mgwirizano linanena za mtundu, kukula, dzina ndi tsiku. Za kulemera kwa batire ndi maola owala silinanene kanthu. Wolemba pepalalo ndinali ine.

Chomwe chinandipulumutsa ndi mapepala a sitima. Mabatire a lithium amawerengedwa ngati katundu woopsa, gulu la 9, ndipo makampani a sitima zapamadzi amafuna chikalata cha mayeso chotchedwa UN38.3 ndi china chofotokoza za mkati mwa batire. Zomwe fakitale inatumiza kwa ejenti wanga wotumiza katundu pamadzi ndi za batire la mu sampulo. Ndinamuimbira ejentiyo pomwepo, ndinaika foni pa sipika, iye n'kuwauza m'chinenero chawo kuti batire losagwirizana ndi mapepala salilowetsa m'kontena yake, chifukwa mulinso katundu wa anthu ena ndipo akaigwira padoko onse alira. Apo laoban anayatsa ndudu, anakhala chete kanthawi, n'kutenganso calculator.

Anayamba ndi ma yuan atatu pa nyale. Ine ndinati imodzi. Tinakumana pa awiri, ndiye kuti 6,000 yuan yowonjezera, ndipo nthawi ino ndinalembetsa zonse: kulemera kwa batire, maola owala, ndi kuti ndidzabwera kudzayeza makatoni omwe ndidzasankhe ndekha ndisanatumize 70 peresenti ija. Anadinda chidindo chofiira cha kampani. Kuno chidindo chimenecho amachidalira kuposa siginecha. Kenako anatitengera ku nkhomaliro ngati sipanachitike kanthu, nsomba yophika ndi nthunzi ndi mpunga, n'kumandifunsa ngati ku Malawi kuli nyanja.

Vuto tsopano ndi kalendala. Kumasula nyale 3,000 n'kusintha mabatire akuti ndi masiku asanu, wa mabatire akabweretsa msanga. Pa 1 Okutobala dziko lonse limatseka sabata yathunthu kukondwerera tsiku la dziko lawo, ndipo sabata yotsogolera aliyense amathamangira kutulutsa katundu, malole amasowa, malo m'sitima amadula. Kwatsala sabata ndi theka. Akatsegulanso, pa 15 Okutobala Canton Fair imayamba, chionetsero chachikulu cha malonda cha ku Guangzhou chomwe chakhala chikuchitika kawiri pachaka kuyambira 1957, ndipo maso a mafakitale onse amakhala pa ogula makontena makumimakumi. Wa makatoni 50 ngati ine amaikidwa kumchira. Kontena ikanyamuka padoko la Nansha, pamadzi ndi mwezi kapena kuposerapo kukafika ku Beira, kenako kudikira padoko, kenako lole kudzera ku Tete mpaka pa Mwanza, kenako msonkho. Ndikaphonya sitima ya mwezi uno, nyale zidzafika Khirisimasi itadutsa, anthu atathera ndalama ku feteleza ndi fizi.

Ndipo miyezi yonseyi ndalama imakhala ili pamadzi, osabala kanthu. Amene tinali ndi katundu m'njira mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, sitinaiwale. Unawerengera phindu pa mtengo wina wa dola, podzalipira zotsala ndi msonkho mtengo uli wina. Kuno zinthu zimathamanga, nyale ya mu Epulo ija mtsikana wa mu ofesi akuitchula kale kuti yakale, anandionetsa yatsopano yotchajira ndi foni. Kwathu kupeza madola olipirira ndi nkhani ya masabata. Munthu umakhala pakati, mwendo wina pa sitima yothamanga, wina pa ngolo.

Ndinafika ku Xiaobei dzuwa litalowa. Ndinadya ugali kwa mayi wina wa ku Tanzania amene amaphikira m'chipinda chapamwamba, siifika pa nsima ya ufa woyera koma m'mimba munakhazikika. Mlongo wanga amene akuyang'anira shopu anaimba. "Achemwali, anthu akufunsa nyale, magetsi akungozimazima kuno. Ndiwauze liti?" Ndinati auze Disembala, koma asatchule tsiku. Za 6,000 yuan sindinamuuze, ndidzamuuza ndikapeza poichotsa.

Ndinapempha nyale imodzi ya mabatire opepuka aja kuti ndibwere nayo. Zonse ziwiri zinatchajidwa mofanana ku fakitale masana, ndipo ndinaziyatsa limodzi 7 koloko pathebulo la m'chipinda muno. Pano ili 11:20. Yatsopanoyo yafiira ngati khala lotsala m'mbaula, sampulo ikuwalabe, ndi imene ndikulembera izi. Ndajambula chithunzi, ndatumizira mtsikana uja pa WeChat. Mawa 9 koloko ndili kwa ejenti kukayeza makatoni a mapanelo, poti m'kontena yogawana timalipira pa CBM, ndiye kuti kukula kwa malo omwe katundu watenga, ndipo ulendo watha tepi yawo inatalika modabwitsa. Ndatenga yangayanga.