Mmene nsalu yanga inafikira pa khoma la gallery ku Johannesburg

Nsalu yanga yapachikidwa tsopano, ndipo usiku wathawu ndagona tulo koyamba patatha masabata atatu. Ndikulemba mtima usanazizire, kuti mnzanga wosoka akadzaitanidwa ku chionetsero cha kunja asadzadutse momwe ndadutsa inemu.

Ntchitoyi ndinaisoka pamanja kwa miyezi 7, kuchokera ku zigamba za zitenje za malemu mayi anga, zina mwa izo za David Whitehead zomwe ankavala ine ndili mwana. Kutalika kwake ndi mamita awiri. Za kutumiza zithunzi ndi kusainirana ndi eni gallery, nyumba yoonetseramo zaluso, sindichedwapo. Mavuto anayambira pa kauntala ya kampani ina yotumiza katundu mu Blantyre momwe muno.

Mnyamata wa pa kauntalapo anandifunsa kuti mu paipi yomwe ndinaikamo nsaluyo muli chiyani. Ndinamufotokozera bwinobwino kuti ndi ntchito ya zaluso yopangidwa ndi zitenje zakale, ikupita ku chionetsero. Iye anangotolapo mawu akuti zakale, n'kulemba pa fomu kuti "used fabric". Ndinafunsa kuti, "Achimwene, zili bwino zimenezi?" Anati, "Musade nkhawa mayi, timalemba choncho tsiku lililonse." Ndinasaina.

Ku South Africa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka kaunjika, salowa popanda chilolezo chapadera. A za msonkho a kumeneko atawerenga fomuyo anachita zomwe lamulo lawo limanena, anaugwira. Unakhala masiku 11 mu nyumba yosungira katundu. Ine kuno m'mawa uliwonse kukwera minibasi kupita ku ofesi ija, kukauzidwa kuti woona za nkhaniyi watuluka, mubwere mawa. Tsiku lina ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka nthawi yoweruka, wondilankhula osaoneka. Pamapeto pake anandipatsa pepala la ndalama yosungira katundu ya masiku onsewo, pa cholakwa chomwe analemba ndi munthu wawo. Ndinalipira misozi ili m'maso chifukwa tsiku lotsegulira linali litayandikira.

Ndiye mverani. Pa fomu musalole kuti alembe mawu aliwonse osonyeza kuti ndi nsalu yakale. Katundu yense wodutsa malire ali ndi nambala yake pa mndandanda wa a za msonkho. Kaunjika ali pa 6309, pomwe zaluso zili mu chaputala 97, ndipo zithunzi zojambula pamanja ndi zomatamata, zija amati collage, zili pa 9701. Funsani eni gallery nambala yoyenera musananyamuke pakhomo, akutumizireni kalata yokuitanani, ndipo pa invoisi palembedwe dzina la ntchitoyo, chaka, zipangizo ndi mtengo wake. Chomwe chinamasula nsalu yanga ndi kalata imeneyo, yomwe ikanayenera kupita limodzi ndi katundu poyamba pomwe.

Ndaiwala za kapakidwe. Nsalu yotere siipindidwa, chifukwa mzere wa popinda umadya ulusi ndipo simbi siingauchotse. Ndinagula paipi ya pulasitiki ku Limbe, ndinaikuta ndi nsalu yoyera ya thonje yochapa kale, kenako n'kukulungapo ntchitoyo nkhope yake ikuyang'ana kunja kuti misoko isakwinyike. Zonsezo ndinazilowetsa mu paipi ina yaikulu. Dziwaninso kuti makampaniwa sayang'ana kulemera kokha, amayeza ndi malo omwe katundu akutenga. Nsalu yopepuka ngati imeneyi ndinailipirira ngati ndanyamula thumba la mpunga, chifukwa cha kutalika kwa paipi.

A gallery anandipemphanso kuti ndiyambe ndaiika mu firiza, itamatidwa bwino mu pulasitiki, kwa sabata yathunthu kuti njenjete ndi mazira ake zife zisakalowe mu ntchito za anzanga. Ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, ndinakapempha malo kwa mnansi amene ali ndi jenereta. Kumbuyo kwa nsaluyo, chakumtunda, ndinasokerako kathumba kolowetsamo ndodo yopachikira. Musaiwale kameneko, mukapanda kutero ena angaboole ntchito yanu ndi misomali.

Chimene chikundiwawabe si ndalama ayi. Ndi chakuti munthu anayang'ana zitenje za mayi anga n'kuona masanza. Billie Zangewa anabadwira mu Blantyre momwe muno mu 1973, amasoka zithunzi ndi zidutswa za silika, ndipo ntchito zake zimaonetsedwa ku Paris ndi ku New York. Koma kwathu kuno ukanyamula singano ndi ulusi anthu amangoti telala. Mnyamata uja sanachite dala, sanamvepo n'komwe kuti nsalu imatha kupachikidwa pa khoma ngati chithunzi. N'chifukwa chake ndikubwereza, fomuyo muiwerenge nokha mzere ndi mzere musanasaine, ndipo mawu akuti zakale asapezekepo.

Dzulo a gallery anditumizira chithunzi pa WhatsApp. Nsaluyo ili pa khoma loyera, getsi likuwalira pa kachigamba kobiriwira kochokera ku chitenje chomwe mayi ankandiberekera. Chionetserocho chikatha iyenera kubwerera, ndipo ndamva kuti popanda pepala losonyeza kuti inatuluka mongoyembekezera ndingathe kulipitsidwa msonkho pa ntchito yanga yomwe. Pepalalo pa kauntala paja sanandiuzepo za ilo. Lolemba ndikulawirira komweko, kalata yondiitana ili m'manja.