Sabata ya njoka

Mvula ikangoyamba, udzu n'kukula, foni yanga sipuma. Sabata yathayi ndinaona ziweto zinayi zimene zinakumana ndi njoka, ndipo chimodzi chinandifera m'manja.

Lolemba m'mawa mayi wina anafika pakabaza atafukata galu wake. Mutu wa galuyo unali utatupa ngati dzungu, diso limodzi litatsekeka, dovu lili chuchuchu. Pamlomo panali timabala tiwiri tikutuluka madzi osakanikirana ndi magazi. Ndinadziwa kuti ndi mphiri. Njokayi sithawa, imangokhala phee m'masamba ouma, galu n'kupita kukainunkhiza. N'chifukwa chake agalu ambiri imawaluma kumaso. "Adokotala, ndam'mwetsa mkaka ndi mazira aawisi," anatero mayiwo. Sindinawakalipire poti anachita zimenezi chifukwa chomukonda, koma ndinawauza kuti poizoni ali m'minofu, osati m'mimba. Tinamuika diripi, n'kumubaya jakisoni woletsa kupweteka. Pofika Lachinayi anali atayamba kunyambita phala.

Lachiwiri kunabwera galu yemwe njoka inam'lavulira m'maso. Mnyamata wa pakhomopo anali atamutsuka kale ndi madzi ambiri kwa mphindi 20. Maso anapulumuka chifukwa cha mwana ameneyo.

Lachitatu ndiye sindidzaliiwala. Anandiimbira kuchokera ku famu ina ya ku Thyolo kuti hatchi yalumidwa pamphuno ikudya msipu. Anthu ambiri sadziwa kuti hatchi singathe kupuma ndi kukamwa ngati galu kapena munthu. Imapuma ndi mphuno basi. Mphunozo zikatsekeka ndi kutupa, chinyama chonse chija chimabanika poizoni asanachite n'komwe zina. Ine ndinali kutali, msewu uli matope okhaokha. Ndinauza wosamalira mahatchiyo kuti adule tizidutswa tiwiri ta paipi yothirira maluwa, totalika masentimita 15, apake Vaseline, alowetse m'mphuno zonse ziwiri.

"Adokotala, ndikuopa ndiivulaza."

"Lowetsani pang'onopang'ono, achimwene, motsata kunsi kwa mphuno. Mukatero mumange ndi tepi."

Nditafika ndinamva mpweya ukuimba likhweru m'mapaipi muja ndisanalowe n'komwe m'khola. Nkhope inali itatupa mpaka m'maso, hatchi ili thukuta kamukamu, miyendo ikunjenjemera, koma ikupuma. Bambo uja anali ataigwira khosi, akuilankhula motsitsa mawu. Ndinaibaya mankhwala olimbana ndi poizoni onse amene ndinali nawo, kuwonjezapo jakisoni wa kafumbata, poti matendawa mahatchi sachedwa nawo.

Pobaya, mtima unandikhudza, chifukwa mankhwala amenewa amachokera m'magazi a mahatchi omwewo. Ku Johannesburg, a South African Vaccine Producers amabaya mahatchi poizoni wa njoka pang'onopang'ono, thupi likazolowera kulimbana naye n'kutenga magazi ake kupangira mankhwalawa. Amabwera m'timabotolo ta mamililita 10, amafunika kusungidwa mufiriji, ndipo ndi okwera mtengo. Kuno kwathu ngakhale anthu amawasowa m'zipatala, chikhalirecho bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kale kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda osalabadiridwa mu 2017.

Lachisanu madzulo bambo wina analowa akuthamanga, kagalu kali m'manja. Anati kanalimbana ndi mamba wakuda kuseri kwa nkhokwe. Sikanatupe paliponse, koma miyendo inali italobodoka, lilime lili panja, kupuma kukuvuta. Poizoni wa mamba amafooketsa mitsempha mpaka chifuwa kuleka kukoka mpweya. Ndipo kagalu kakang'ono kamafunika mankhwala ochuluka ngati chigalu chachikulu, chifukwa njoka poluma siyeza msinkhu. Mufiriji munalibe kanthu. Ndinakapopera mpweya ndi manja kwa nthawi yaitali, koma kanatsirizika bambowo akuona. Anakakulunga m'chitenje cha akazi awo n'kutuluka osalankhula.

Loweruka ndinabwerera ku Thyolo kukachotsa mapaipi aja. Khungu la pamphuno linali litayamba kusupuka, bala lofunika kutsukidwa tsiku lililonse kwa masabata angapo. Ndinam'sonyeza wosamalira uja katsukidwe kake, kenako ndinakhala m'galimoto n'kuyamba kuimbira anzanga a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kufunsa amene angandibwereke timabotolo ngakhale tiwiri.