Ndinangogwira mpando, kabaza sindinakwere

Chithunzi chija ndikudziwa kuti mwachiona, chifukwa ngakhale apongozi anga ku Mulanje chinawafika ine ndisanamasule n'komwe zingwe za nsapato. Ndiye musanayambe zanu zija pa WhatsApp, ndinene poyera kuti pa mpikisano wothamanga wa hafu marathon uja, kabaza ili pachithunzipo sindinakwere. Dzanja lili pampando, sindikukana. Mwendo umodzi uli m'mwamba, sindikukananso. Koma ndimawongola katumba, ndipo amene anakokedwapo minofu pa kilomita ya 16 akudziwa kuti nthawi imeneyo munthu umagwira chilichonse chimene chili pafupi, kaya ndi mtengo wa magetsi kaya ndi wapolisi.

Musaganize kuti ndinangodzuka n'kukalowa mpikisano. Hafu marathon ndi makilomita 21.1 ndipo ndinaikonzekera masabata 10, kuthamanga katatu pa sabata, Loweruka n'kumatalikitsa mpaka ndinafika makilomita 16. Liwiro langa ndimalidziwa, mphindi 6 ndi masekondi 40 pa kilomita, kutanthauza kuti ndimayenera kumaliza pa maola awiri ndi mphindi 20. Usiku ndinadya mpunga, nyemba ndi kabichi ndinazikana ngakhale mayi a kunyumba anakwiya. M'mawa tiyi, buledi magawo awiri ndi nthochi, kutatsala maola awiri kuti tiyambe. Zikhadabo za kumapazi ndinawenga. Nsapato ndinavala zakale zozolowera phazi, zokulirapo pang'ono poti phazi limatupa ukathamanga nthawi yaitali. Zonsezi ndinachita bwino ndipo palibe akuzitchula.

Chimene chinandipha ndi tisheti. Yanga yothamangira, yopepuka ija yosasunga thukuta, inali isanaume, ndiye ndinatola yatsopano yoyera, ya thonje, n'kubayapo nambala ndi mapini anayi. Vaseline ndinamusiya pawindo pamodzi ndi pulasitala. Lamulo loti tsiku la mpikisano usavale chatsopano ndimaphunzitsa ena ndine.

Tinanyamuka 6 koloko chakufupi ndi Kamuzu Stadium, kutsetsereka kulowera ku Ginnery Corner. Njira yoyamba ndi mtsetse ndi yachinyengo. Miyendo imangopita yokha, anthu akukuwa, iwe n'kumadziona ngati wa ku Kenya. Foni inandiuza m'khutu kuti kilomita yoyamba ndatha mphindi 4 ndi masekondi 45, ine m'malo mochita mantha ndinati kukonzekera kwagwira ntchito. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinapitirira anyamata ovala mayunifomu a kalabu, mmodzi n'kundiyang'ana momwe anthu amayang'anira mbuzi yomangidwa pa njinga tsiku la msika. Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga wa ku Kenya, pamene ankathamanga makilomita 42 mu 1:59:40 ku Vienna mu 2019 ankatha pafupifupi mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita, ndiye ndinawerengera kuti kusiyana kwathu ndi mphindi ziwiri zokha basi. Masamu a munthu amene mpweya wayamba kumuchepera m'mutu.

Titatembenuka ku Clock Tower, Chipembere Highway inayamba kundilipiritsa ngongole. Pa minibasi simungadziwe kuti kuchoka m'tauni kupita ku Limbe ndi chitunda, koma miyendo imadziwa. Pamalo omwera madzi ndinatenga makapu awiri, imodzi kumwa, inayo kudzithira kumutu monga amachitira akatswiri. Apa mpamene ndinadzipha ndekha. Thonje likanyowa siliuma, limalemera n'kumakhula khungu pa sitepe iliyonse, ndipo pa hafu marathon munthu umaponda kopitirira ka 20,000. Thukuta likamauma limasiya mchere, ndiye nsaluyo imasanduka sandipepa. Malo oyamba kusupuka ndi nsonga za mawere. Kapulasitala kamodzi uku, kena uku, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Pa kilomita ya 11 ndinamva kuyabwa. Pa 13 ngati wina wandipaka tsabola wa kambuzi. Nditayang'ana pachifuwa ndinaona mizere iwiri yofiira ikutsika mwaulemu mbali zonse za nambala yanga, yofanana kutalika ngati anachita kuyeza ndi lula. Ndinatsina tisheti ndi zala ziwiri uku, ziwiri uku, n'kuikokera kutsogolo kuti isandikhudze, ndipo ndinathamanga choncho ngati ndikupita kukayanika. Ntchafu nazo zinali zitayamba kupekesana, moti ndimaponda motangadza ngati mnyamata wongotuluka kumene ku jando. Mayi wina wogulitsa mandasi chakufupi ndi Maselema anaika manja kumutu. "Mayo ine! Achimwene, akulasani ndani?" Ndinafuna kuyankha koma pakamwa panangotuluka mpweya.

Kabaza inandipeza pamenepo. Mnyamata wake sanalize hutala, sanaseke, anangofika pambali panga n'kuchepetsa moto mpaka tinafanana liwiro. Tinayenda limodzi mwina mamita 200 osalankhulana, ngati anthu operekeza maliro.

"Bwana, two sauzande mpaka pa stadium."

Ndinapukusa mutu.

"Palibe angadziwe, bwana. Ndikakutsitsani kuseri, mukalowa wapansi."

Ndinapukusanso. Iye sanachoke. Vuto linali loti liwiro langa linali litatsika kufika mphindi 9 pa kilomita, ndipo njinga yamoto siinapangidwe kuti iziyenda choncho. Inazima. Anailiza, n'kundipeza. Inazimanso. Kachitatu anangoisiya chozima n'kumaikankha ndi mapazi ali chikhalire pampando, phazi uku phazi uku ngati bakha, koma n'kumandipitirirabe, kenako n'kuima kundidikira. Munthu wopalasa njinga yozima ndi mapazi, pachitunda, amandidikira ine. Mtengo nawo umatsika wokha, ine osanenerera. Unafika pa K1,500, kenako K1,000. Titazungulira ku Limbe anati, "Bwana, ingokwerani, za ndalama tikakambirana. Ine chikundipweteka ndi chisoni." Pena anatulutsa kansalu kopukutira galasi n'kundipatsa kuti nditseke bala, n'kufunsa ngati ndili ndi ana.

Katumba wa kumanja anakoka titangodutsa chikwangwani cha kilomita ya 16, pamalo penipeni pamene maulendo anga a Loweruka ankathera. Thupi lili ndi kaundula wake. Minofu imene waithamangitsa mopyola muyeso kumayambiriro imatopa msanga, ukaonjezera dzuwa la 8 koloko, imangodzimanga mfundo. Mankhwala ake ndi kuima, kuwongola bondo, kukokera zala za phazi chakumaso kwako n'kugwira choncho masekondi 20 kapena 30, kenako kuyenda pang'ono usanayambirenso. Kuti uchite zimenezi umafunika pogwira. Pafupi panali mpando wa kabaza. Ndinakweza chidendene pa chopondera cha pasinjala kuti mwendo uwongoke bwino, ndipo nthawi yomweyo wina wa mu minibasi anatulutsa foni pawindo. Amene munajambulanu, Mulungu akukuonani, ndipo mukanadikira theka la mphindi mukanaona ndikutsitsa mwendowo.

Makilomita asanu otsalawo ndinawachita mothamanga mphindi ziwiri, kuyenda imodzi, njira yovomerezeka imene ngakhale odziwa amagwiritsa ntchito zikavuta. Agogo ena ovala nsapato za pulasitiki anandipitirira akucheza ndi mnzawo za mtengo wa feteleza. Ndinalowa pa maola awiri ndi mphindi 54, ndipo sindinali womaliza, kumbuyo kunali anthu ena ndithu, ndinawaona ndi maso angawa, atatu. Wopereka mamendulo atandiona pachifuwa anazengereza kundiveka, n'kungondipatsira m'manja. A chithandizo choyamba anathira mankhwala a mabala pamalo paja ndipo mawu amene ndinatulutsa sindingawalembe pano poti ena mwa inu timapemphera limodzi.

Potuluka pageti ndinamupeza mnyamata uja atakhala pa njinga yake, akundidikira. Anati iye wataya makasitomala ola lathunthu pondiperekeza, ndiye ndimuganizire ya mafuta. Ndinamukumbutsa kuti njingayo theka la ulendo inali yozima. Anati nsapato zake zatha. Ndinamupatsa K2,000, mtengo womwe uja anayambira, kenako poti masitepe a minibasi sindikanatha kukwera, ndinamuuza kuti akanditule kunyumba ku Chilobwe. Imeneyo ndiye ndinakweradi, koma mpikisano unali utatha, ndipo ndalama yake inali ina.