Pulogalamu ikaima pa terminal, musathamangire kutseka windo

Kuno ku Mzuzu sikirini ikangouma uli pa ssh (njira yolowera pa kompyuta ina kudzera pa netiweki), mlandu umagwera netiweki, makamaka mvula ikachita kukakamira tsiku lonse. Ine ndisanatseke chilichonse ndimayamba ndaona kuti zala zadina chiyani.

Ngati palembedwa "[1]+ Stopped" ndipo shell (pulogalamu yolandira malamulo omwe mukulemba) yabwerera, ndadina Ctrl+Z. Pa Windows tinazolowera kuti imabweza zomwe walakwitsa, koma pa Linux terminal (windo lolembamo malamulo) imatumiza chizindikiro choimitsa chotchedwa SIGTSTP, pulogalamu n'kuima pomwepo. Sinafe ayi, ikadali ndi zonse zomwe sindinasunge. Ndimalemba jobs kuti ndione zomwe zaima, kenako fg kuibweza. Zikakhala zingapo, fg %2 imadzutsa yachiwiri. Lamulo la bg, lomwe limapitiriza pulogalamu yoimayo kumbuyo, ndimaligwiritsa pa ntchito zosafuna kiyibodi, monga kukopera mafayilo ndi cp. Vim, pulogalamu yolembera mafayilo, ukaiponya kumbuyo imangoimanso chifukwa ikufuna terminal.

Apa m'pomwe ambiri amadzionongera. Amatsegulanso fayilo yomweyo ndi vim, n'kukumana ndi chenjezo la E325 lonena za swap file (fayilo yomwe vim imasungiramo zosintha pamene mukulemba), osadziwa kuti amene wagwira fayiloyo ndi iwo eni. Ndi apt, pulogalamu yoikira mapaketi a mapulogalamu, zimaipirapo: ikaima imakhala itagwirabe fayilo ya loko, /var/lib/dpkg/lock-frontend, ndiye wina amafufuta lokoyo kuti adutse. Musatero chonde, mutha kusiya mapaketi ataikidwa theka. Lembani fg imalize yokha.

Kuuma kwina kulibe uthenga uliwonse, sikirini imangoti zii. Kumeneku ndi Ctrl+S, yomwe dzanja limadina lokha pofuna kusunga. Terminal imaimva ngati XOFF, lamulo lakale louza makina kuti asiye kaye kutumiza zolemba. Mankhwala ake ndi Ctrl+Q. Chenjerani: zomwe mukulemba nthawi youmayo sizikutayika, zikulowa ndithu, ndipo mukadina Enter lamulolo ligwira ntchito musakuliona.

Kuti zisabwerenso, ndimalemba stty -a, lamulo loonetsa makonzedwe a terminal, n'kuyang'ana susp = ^Z, stop = ^S ndi start = ^Q. Mzere wa stty -ixon mu ~/.bashrc (fayilo yomwe shell imawerenga ikamayamba) umathetsa za Ctrl+S. Pa Mac palinso dsusp, yomwe ndi Ctrl+Y, ndipo nayonso imaimitsa pulogalamu. Imachoka ndi stty dsusp undef. Ctrl+Z yokha sindiichotsa, ngakhale stty susp undef ilipo, chifukwa ndimaifuna ndikafuna kutuluka mu vim pang'ono n'kubwereranso ndi fg.