Sabata ya ma double integral ku Braamfontein

Ophunzira anga a chaka chachiwiri afika pa ma double integral, masamu ophatikiza chinthu pa dera lonse, ndipo matenda awo ndi amodzi: amathamangira kuwerengetsa asanajambule dera. Ndimawaphunzitsa madzulo ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg. Ambiri ndi ana a Amalawi anzathu a ku Rosettenville ndi Yeoville, ndiye Chingerezi chikatikola timalowa m'Chichewa.

Lolemba mtsikana wina anafunsa mosapsatira: "Aphunzitsi, masamuwo ndikukhoza, koma dA ameneyu ndi chiyani kwenikweni?" Ndinamuuza kuti aganize za mvula ya mabingu ya kuno, ija imakhuthuka ku Soweto pomwe ku Sandton kuli kouma gwa. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Ukafuna madzi onse amene agwa mumzinda, umadula mzindawo m'tizigawo ting'onoting'ono, kalikonse n'kuchulukitsa kukula kwake ndi mvula yagwapo, kenako n'kuphatikiza. Kachigawo kameneko ndiye dA. Ndi nzeru yomwe ija ya katswiri wa masamu Riemann ya mu 1854, kungoti iye ankadula mzere, ife tikudula dera.

Lachitatu ndi pamene panali ntchito. Ndinapereka e^(x²) pa triangle ya makona (0,0), (1,0) ndi (1,1). Anyamata awiri anayambira ku x n'kukakamira pomwepo, tsamba lonse lili zofufutafufuta, poti e^(x²) ilibe antiderivative (function yopezera yankho la integral) yolembeka ndi ma function wamba. Ndinawalanda kakyuleta n'kuwapatsa pensulo. Atajambula anaona okha kuti pa x aliyense, y imachoka pa 0 n'kukalekeza pa x. Kuyambira ku y kunabala x·e^(x²), yankho n'kutuluka (e − 1)/2, pafupifupi 0.859. Theorem ya Fubini ya mu 1907 imalola kusintha poyambira, koma malire sungangowatembenuza ngati chitenje, umawawerenganso pachithunzi. Mabuku ena amadutsapo msanga apa, ndipo ine sindigwirizana nazo.

Lachisanu tinalowa mu polar, njira yolozera malo ndi mtunda wochokera pakati (r) ndi ngodya (θ), ndipo theka la kalasi linaiwala r woyambayo mu r dr dθ, yemwe ndi dA wa mu polar. Kukula kwa bwalo la radius 3 kunawatulukira 6π m'malo mwa 9π. Tinajambula mizere yochokera pakati, aliyense n'kuona kuti tizigawo ta m'mphepete n'totambalala kuposa ta pakati. Ntchito ya kunyumba ndawapatsa madera asanu oti ajambule n'kulemba malire okha, osawerengetsa chilichonse.