Bizinesi Yathu Yomasulira Chirasha ndi Zining'a Zake

Ofesi yathu ndi chipinda chimodzi cha nyumba yomwe timakhala ku Lilongwe. Muli tebulo, makompyuta awiri, purinta ndi shelefu ya mabuku otanthauzira mawu. Ogwira ntchito tilipo awiri, ine ndi mayi akunyumba, ndipo ntchito yathu ndi kumasulira zolembedwa komanso zolankhulidwa m'Chirasha kuti zimveke m'Chingerezi. Anthu akamva amafunsa ngati ntchito yotereyi ingadyetse banja kuno ku Malawi. Imadyetsa ndithu, ngakhale miyezi ina timakoka movutikira. Chomwe chimabweretsa makasitomala pakhomo pathu ndi mawu aja omwe munthu amalankhula china akutanthauza china.

Chirasha ndinachiphunzira ku Voronezh, mzinda wa kummwera kwa Moscow, komwe ndinapita kukachita maphunziro. Mlendo aliyense amayamba ndi chaka chokonzekera chomwe ophunzira amachitcha podfak. M'chaka chimenecho umaloweza zilembo 33 za Chirasha, n'kulimbana ndi mayina omwe amasintha mathero ake m'njira 6 malinga ndi ntchito yawo m'chiganizo. Koma Chirasha chomwe ndikudyera lero ndinachitola ku hositelo, kumsika ndi m'basi. Kumeneko ndi komwe ndinamva kuti davai, lomwe m'buku limachokera ku mneni wotanthauza kupereka, pakamwa pa anthu limakhala "tiyeni", "fulumira", "chabwino", ngakhalenso "tionana" potseka foni. Ukafunsa munthu kuti ali bwanji amayankha kuti normalno, nkhope ili duu, ndipo sikuti wakwiya ayi, ali bwino. Ndiye pali yankho lija lozunguza alendo onse, da net, navernoye. Mawu ake paokha ndi "inde, ayi, mwina", koma aliyense wa ku Russia amamva chinthu chimodzi chokha: ndikukayika, sizichitika. M'Chingerezi timangolemba kuti "probably not".

Nditabwerera kumudzi, anzanga omwe tinali nawo kumeneko anayamba kundibweretsera madipuloma awo. Kuti digiri yakunja iunikidwe ku National Council for Higher Education, kapena kuti dokotala alembetse ku Medical Council of Malawi, mapepala amayenera kuwerengeka m'Chingerezi. Ndinkawathandiza mwaubale, usiku ndikaweruka kuntchito. Mayi akunyumba ndi omwe anaona kuti apa pali bizinesi. Anagula kabuku kolembamo ndalama, anaika mtengo pa tsamba lililonse, ndipo mpaka lero ndiwo amalandira malipiro pa Airtel Money ndi Mpamba. Chirasha sachidziwa, ndipo zimenezi zimatithandiza kwambiri. Chilichonse chomwe ndamasulira amachiwerenga ngati kasitomala, ndipo pomwe akhumudwa amandibwezera n'kunena kuti, "Bambo, apa mwalemba Chirasha ndi zilembo za Chingerezi."

Mapepala aboma ndi akusukulu alibe zining'a, koma misampha ilimo, makamaka mawu ofanana ndi a Chingerezi koma otanthauza zina. Familiya si banja, ndi dzina la makolo lomwe banja lonse limadziwika nalo. Magazin ndi sitolo. Dekada ndi masiku khumi, osati zaka khumi. Pa pepala la zotsatira za mayeso, otlichno ndi 5, giredi yapamwamba kwambiri, pomwe zachteno limangonena kuti wakhoza phunzirolo popanda giredi, ndipo womasulira sayenera kupekapo mapesenti ngakhale kasitomala atachonderera chotani. Za kuchipatala ndiye timaziwerenga kawiri kawiri mtima uli m'mwamba. Dokotala wa ku Russia akalemba angina amanena zilonda zapakhosi, pomwe dokotala wathu akaona liwu lomwelo m'Chingerezi amaganiza za kupweteka kwa pachifuwa kochokera ku mtima. Insult kwa iwo ndi sitiroko, osati chipongwe. Munthu akhoza kupatsidwa mankhwala olakwika chifukwa cha liwu limodzi lomwe womasulira analisiya momwe lilili poona kuti likufanana ndi la Chingerezi.

Ntchito inasintha pomwe anthu anayamba kutitumizira mauthenga a pafoni. Wabizinesi akukambirana ndi wogulitsa zipangizo wa ku Russia. Mayi yemwe mwana wake anakwatira kumeneko walandira uthenga wa mawu kuchokera kwa asewere ake. Wina akufuna mawu a Chingerezi pansi pa kanema wa ukwati. Onsewa amakhala atayesa kale makina omasulira a pa intaneti, ndipo amabwera chifukwa zomwe zatulukazo n'zowerengeka koma sizikumveka.

Bambo wina anabwera ndi uthenga womwe mnzake wa ku Russia anamulembera wokhudza munthu yemwe ankayenera kubweza ndalama. Makina anamuuza kuti ndalamazo zibwera Lachinayi mvula ikagwa, ndipo iye ankafuna kudziwa kuti ndi Lachinayi liti. Mawu ake anali posle dozhdichka v chetverg, "kamvula ka Lachinayi kakatha". Tanthauzo lake n'lakuti sizidzachitika konse. Mnzakeyo ankamuchenjeza kuti aiwaleko. Zinandipweteka kumuuza, chifukwa ndalamazo anali atazikonzera kale zochita, koma ankalipira kuti amve zoona. Chining'a china chonena zomwezo ndi kogda rak na gore svistnet, "nkhanu ikadzaimba mluzu paphiri", chomwe Mngerezi amati "when pigs fly". Choopsa chake n'chakuti liwu loti rak limatanthauzanso khansa, ndiye makina akasokonezeka amatha kuika matenda m'chiganizo chomwe chinali nthabwala chabe.

M'makalata a zamalonda mumabwera kawirikawiri ruki ne doshli, "manja sanafike". Palibe wavulala, munthuyo akungopepesa kuti sanapeze mpata. Wina akati ne veshai mne lapshu na ushi, akunena kuti usandikoloweke supageti m'makutu, kutanthauza kuti usandiphimbe m'maso. Apa ndimasamala kwambiri. Mabuku ena amati Chingerezi chake ndi "don't pull my leg", koma chimenecho n'chopepuka, cha anthu ochezerana. Pa nkhani ya ndalama, wolemba mawu amenewa watopa ndi mabodza, ndipo ndimalemba mosabisa kuti "stop lying to me" kuti kasitomala adziwe kuti zinthu zatentha.

Ndikakumana ndi chining'a, choyamba ndimafunsa kuti awerenge ndani, ndipo akufuna achite nazo chiyani. Nthawi zina Chingerezi chimakhala ndi chake chofanana ndendende. Anthu a ku Russia amati munthu akupanga njovu kuchokera ku ntchentche, delat iz mukhi slona, ndipo "to make a mountain out of a molehill" chimalowa bwino popanda chotayika. Nthawi zambiri, makamaka pa zamalonda ndi zamilandu, ndimasiya chithunzi chonse n'kulemba tanthauzo lokha. Koma pali pomwe ndimakana kusinthanitsa ngakhale chofanana chilipo. Iwo amati v Tulu so svoim samovarom ne yezdyat, sapita ku Tula atanyamula samovar yawo. Samovar ndi chiwiya chachitsulo chowiritsira madzi a tiyi, ndipo mzinda wa Tula ndi wotchuka popanga ziwiya zimenezi. Chingerezi chili ndi mawu onena za kunyamula malasha kupita nawo ku Newcastle, ndipo omasulira ambiri amathamangira pomwepo. Ine sindimatero. Gogo wa ku Russia akulankhula pa ukwati wa mdzukulu wake sangatchule Newcastle, ndipo Mmalawi woonera kanemayo sadziwanso kuti kumeneko kunkakumbidwa malasha. Ndimasiya Tula ndi samovar yake, n'kuonjezera mawu awiri atatu ofotokoza. Gogoyo amakhalabe gogo wa kwawo.

Chimodzimodzi ndi ni pukha ni pera, mawu ouza munthu wopita kukalemba mayeso. Anachokera kwa alenje, ndipo amati "usapeze ubweya kapena nthenga", kumufunira zoipa pakamwa kuti zabwino zisathawe. Wouzidwayo sathokoza, amayankha kuti k chyortu, "pita kwa mdyerekezi". Mayi wina wopemphera kwambiri anaona yankho limeneli pa zokambirana za mwana wake ndi mphunzitsi ndipo anabwera akunjenjemera, poganiza kuti mwana walowerera. Ndinakhala nawo pansi n'kuwafotokozera kuti ndi mwambo wa ophunzira onse kumeneko, ndipo mphunzitsi amayembekezera yankho lomwelo. Papepala ndinalemba "good luck" ndi "thanks", koma chomwe chinawakhazika mtima pansi chinali kucheza kuja.

Zoterezi zasokonezapo ngakhale maiko akuluakulu. Mu November 1956, pa phwando la ku ofesi ya kazembe wa Poland ku Moscow, mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, anauza akazembe a maiko a azungu kuti my vas pokhoronim, ndipo zinamasuliridwa kuti "we will bury you". Ku America anthu anamva ngati akuopsezedwa ndi nkhondo. Odziwa Chirasha ambiri amafotokoza kuti ankanena kuti chikomyunizimu chidzakhalitsa kuposa chikapitolizimu, ngati munthu wouza mnzake kuti mudzatsogola ndinu, ife tidzakhalapo pa maliro anu. Mu 1959, akukangana ndi Richard Nixon, yemwe panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, pa chionetsero cha America ku Moscow, analonjeza kuwaonetsa kuzkinu mat, "mayi ake a Kuzma", mawu oopseza otanthauza kuti muona zakuda. Ndipo mu March 2009 ku Geneva, Hillary Clinton, yemwe anali nduna yoona za maiko akunja ya America, anapatsa nduna inzake ya ku Russia, Sergei Lavrov, kabatani kofiira kosonyeza kuyambiranso ubale, koma panalembedwa peregruzka, kulemetsa mopyola muyezo, m'malo mwa perezagruzka. Zilembo ziwiri zokha zinasowa.

Gawo lomwe ndimalikonda kwambiri pa ntchitoyi, komanso lomwe limandivutitsa kuposa onse, ndi la ulemu. Chirasha chili ndi ty ndi vy, monga ife tilili ndi iwe ndi inu. Chingerezi chili ndi "you" yekha. Munthu wa ku Russia akakhala akukulemberani vy kwa miyezi, kenako n'kufunsa ngati mungayambe kutchulana ty, ndiye kuti wakutsegulirani khomo la ubwenzi. Koma akalumphira yekha pa ty pakati pa mkangano, ndiye kuti wakuvulani ulemu. M'Chingerezi zonsezi zimafufutika, ziganizo ziwirizo zimaoneka chimodzimodzi. Apa Chichewa chimandipatsa khutu lomwe womasulira wobadwira ku London amachita kuphunzira. Tonse timadziwa momwe mtima umadumphira mwana akanena kuti iwe kwa munthu wamkulu, kapena momwe mayi amasinthira kuchoka pa iwe kupita pa inu mwana wake akakula n'kukhala pabanja. Ndiye kwa makasitomala akuno ndimaika kachidziwitso m'mbali, m'Chichewa, konena kuti apa wakutchulani inu, apa wayamba kunena iwe. Palibe yemwe anafunsapo kuti ndifotokoze zambiri. Amangogwedeza mutu.

Mayina nawo ali ndi makwerero ake. Munthu wolemekezeka amatchulidwa dzina lake pamodzi ndi lochokera ku dzina la bambo ake: Aleksandr mwana wa Ivan amakhala Aleksandr Ivanovich, mlongo wake Aleksandra Ivanovna. Anzawo amawatchula onse awiri kuti Sasha, ndipo mayi awo mwachikondi amati Sashenka. Makasitomala ena amaganiza kuti akukambirana ndi anthu atatu pomwe ndi munthu mmodzi. Ndimawalangiza kuti polembera mkulu wa kampani kapena apongozi agwiritse ntchito mayina awiri aja, osalumphira pa Sasha asanaloledwe, monga momwe sitingaitanire munthu wamkulu ndi dzina lake laubwana pomwe ali ndi mfunda.

Mawu otukwana, omwe iwo amawatcha mat, sitiwabisa ndipo sitiwakometsa. Kasitomala akafuna kuti tisawalembe, timaika chizindikiro n'kumuuza pakamwa kukula kwake.

Pa zandalama, chaka cha 2022 chinatigwedeza. Mabanki angapo a ku Russia atachotsedwa pa SWIFT, njira yomwe mabanki a maiko osiyanasiyana amalumikizirana potumizirana ndalama, ndipo Visa ndi Mastercard ataimitsa ntchito zawo kumeneko mu March chaka chimenecho, makasitomala athu ochepa a kumeneko anasowa njira yotilipirira, ndipo amalonda ena akuno anaimika kaye zokambirana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, inki, mapepala ndi intaneti zinakwera nthawi imodzi. Makina omasulira nawo akunka nakhwima, moti makalata wamba anthu sabweranso nawo, ndipo sindiwadandaula, chifukwa palibe chifukwa cholipirira chinthu chomwe foni ingachite bwino. Tinasintha kawerengedwe ka mitengo: mapepala ofuna chidindo timalipiritsa pa tsamba, mauthenga a mawu ndi makanema pa mphindi, ndipo tinayamba kulipiritsanso nthawi yokhala pansi ndi munthu kumufotokozera zomwe mnzake wa ku Russia akutanthauza ndi momwe angamuyankhire.

Panopa tikuphunzitsa ntchito mtsikana wina yemwe wabwera kumene kuchokera kumaphunziro ku Russia. Amadziwa Chirasha cha achinyamata cha pa Telegram chomwe ine chinandidutsa, ndipo amamasulira mauthenga a mawu pomwe ine ndimaona za kuchipatala ndi madipuloma. Tikusonkhanitsanso zining'a zonse zomwe takumana nazo m'fayilo imodzi, chilichonse ndi Chingerezi chake komanso kufotokoza kwa m'Chichewa, kuti tidzasindikize kabuku ka ophunzira opita ku podfak ndi makolo awo otsala kuno.