Mutu umene ndinkauzunza

Mayeso a MSCE ndikulemba kachiwiri, patapita zaka 11 chilembereni koyamba. Masana ndimakhala kumunda kuno kwa Chulu, madzulo ndikuthamangira kusukulu ya akuluakulu. Itafika nyengo yowotcha fodya mu Febuluwale ndinaona ngati mwayi wandigwera. Moto wa balani sufuna kusiyidwa, ndiye poti ndichezera kale pang'anjo, bwanji osachezera ndi buku? Ndinabwerera ku nzeru zathu zakale za kusekondale: beseni la madzi ozizira, mapazi m'menemo, tiyi wopanda mkaka wowawa ngati mankhwala, ndi tochi ya foni. Mausiku anayi otsatizana ndinaloweza mutu wa ubongo ndi mitsempha mu Biology. Lachisanu aphunzitsi atatipatsa kamayeso, ndinapeza 9 pa 30. Funso lina ndinaliwerenga katatu osamva chimene likufuna.

Aphunzitsiwo ndi mwana kwa ine, koma amalankhula mosapsatira. Anandiyang'ana m'maso, ofiira psuu, nati, "Bambo, mutu mwalakwawu ndi mutu womwewo mukuuzunza usiku. Kawerengeni za tulo, mudzandiuze." Anzanga anaseka. Ine ndinakagula bandulo.

Chimene chinayamba kundichititsa manyazi n'chakuti nkhaniyi ndi yakale kuposa agogo anga. Mu 1924, John Jenkins ndi Karl Dallenbach a ku yunivesite ya Cornell ku America anapatsa ophunzira awiri timawu topanda tanthauzo kuti aloweze. Nthawi zina ankawalola kugona akangoloweza, nthawi zina ankawasiya ali maso. Pakatha maola 8, akagona ankakumbukira pafupifupi theka, koma akakhala maso timawu tambiri tinali titathawa. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hippocampus, komwe zatsopano zimafikira. Ine ndimakayerekeza ndi mkeka woyanikapo chimanga: masana mumathirapo, usiku wina ayenera kuwola n'kukatsanulira m'nkhokwe. Tulo ndi amene amawola. Ine ndinkangothira pamkeka mausiku anayi, chimanga n'kumatayikira pansi.

Tiyi ujanso ankandinamiza. Munthu akakhala maso, muubongo mumachuluka kanthu kotchedwa adenosine, ndipo kakachuluka ndiye zikope zimalemera. Caffeine wa mu tiyi ndi khofi sachotsa kanthuka, amangotseka pamene kamakakhala kuti uthenga wa kutopa usamveke. Ngongole imakhalapobe, mwangozimitsa foni kuti mwini ndalama asakupezeni.

Pamene ndinakhalitsa kwambiri ndi pa nyama, chifukwa apa m'pamene maganizo anga akuti tulo ndi ulesi anagwera. Taganizani: chogona sichidya, sichibereka, sichiona mdani akubwera. Tulo tikanakhala topanda ntchito, zilombo za m'tchire zikanatisiya kalekale. Koma m'malo motisiya, zimachita kutibera mpata. Abakha a m'tchire akagona pamzere, amene ali kumapeto amatsinzina diso limodzi, lakunja lili gwa kulondera, theka la ubongo lili mtulo theka lili maso. Ma dolphin, nyama za m'nyanja zamchere zooneka ngati nsomba zikuluzikulu, amachita chimodzimodzi, poti ayenera kumavuuka kudzapuma mpweya. Mu 2017 ofufuza a ku California anapeza kuti ngakhale kanyama ka m'madzi kotchedwa Cassiopea, kamene kalibe ubongo n'komwe, kamafooka usiku, ndipo mukakasokoneza usiku wonse mawa lake kamakhala kolefuka ngati ine m'kalasi lija.

Za njovu zinandifika pamtima, poti ife oyandikana ndi Kasungu National Park timazidziwa bwino, makamaka chibwerereni zija 263 zochokera ku Liwonde mu 2022. Anthu kuno amati njovu sigona, chifukwa imatha kulowa m'munda pakati pa usiku olondera atawodzera. Ofufuza anatsatira njovu ziwiri zazikazi ku Chobe m'dziko la Botswana kwa masiku 35, napeza kuti zinkagona pafupifupi maola awiri okha patsiku, kawirikawiri chiimirire, ndipo nthawi zina zinkatha maola 46 osagona. Ndinasangalala pang'ono, ndimvekere ndiye ine ndi njovu. Koma njovu silemba MSCE, ndipo ngakhale iyoyo maola ake awiriwo imawafunabe. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Makoswe amene Allan Rechtschaffen ndi anzake ku Chicago anawamana tulo kotheratu anafa onse pakati pa masiku 11 ndi 32, chonsecho chakudya ankadya kuposa kale.

Kuno tilinso ndi umboni wathuwathu woti tulo tili ndi dongosolo lake. Matenda a kaodzera, obwera ndi kashembe wa m'mphepete mwa nkhalangoyi, akafika kuubongo sangowonjezera tulo ayi, amasokoneza nthawi yake: wodwala amawodzera masana dzuwa lili pamutu, usiku n'kukhala maso.

Tsono maloto. Apa ndiye panabuka mkangano pakhonde ndi agogo anga aakazi, amene kwa iwo loto lililonse ndi kalata. Ukalota nsomba, pali wina ali ndi pakati. Ukalota ukudya nyama, dzuka upemphere, akudyetsa ndi afiti. Akabwera malemu kutulo, mvetsera chimene akufuna.

Ine ndinawafotokozera za Eugene Aserinsky, wophunzira wa Nathaniel Kleitman ku Chicago, amene anamata timawaya pamutu pa mwana wake wa zaka 8 ali mtulo, naona kuti pali nthawi imene maso amathamangathamanga pansi pa zikope ubongo uli wotanganidwa ngati wa munthu wodzuka. Anafalitsa zimenezi mu 1953, ndipo tulo timeneti timatchedwa REM. Mukamudzutsa munthu pa nthawi imeneyi, kawirikawiri amakuuzani loto lomveka bwino. Usiku tulo timayenda mozungulira, pafupifupi mphindi 90 ulendo umodzi. Tulo tofa nato timachuluka chigonereni, pamene tamaloto timatalika kukamayandikira m'bandakucha. N'chifukwa chake tambala amakonda kutidula loto pakati.

Chimene chinandimasula kwambiri n'chakuti pa nthawi ya REM ubongo umamanga minofu ya manja ndi miyendo, kuti wolota akuthawa galu asadzuke n'kukagunda chipupa. Nthawi zina munthu amatsitsimuka thupi lisanamasulidwe. Zinandichitikira sabata yomwe ija ya balani: ndinagona chagada pamulu wa ziguduli, n'kudzidzimuka ndikuona denga bwinobwino koma mkono wosatheka kuusuntha, mawu osatuluka, pachifuwa ngati pakhala munthu. Ndinali wotsimikiza kuti wina wachita nsanje ndi fodya wanga, mpaka dzina lake ndinali nalo m'mutu. Kuwerenga kuti zimenezi zimagwera anthu padziko lonse, makamaka osowa tulo ndi ogona chagada, kunandichotsera chidani chimene ndinayamba kusungira munthu wosalakwa. Pa zonse ndawerenga mwezi uno, ichi ndicho chandipindulira koposa.

Agogo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwanawe, wandiuza nthawi imene mlendo amafika ndi khomo limene amalowera. Nanga wamutuma ndani?" Ndinawauza kuti akatswiri pa funso limenelo sagwirizana. Sigmund Freud ankati maloto ndi zilakolako zobisika zimene zavala chigoba. Allan Hobson ndi Robert McCarley a ku yunivesite ya Harvard mu 1977 anati ubongo umangolumikiza nkhani kuchokera ku timauthenga tobalalika tochokera kutsinde kwake. Ku yunivesite ya MIT ku America mu 2001, Matthew Wilson ndi mnzake anapeza kuti makoswe akagona, hippocampus yawo imabwereza ndondomeko yomwe inkachita masana akuthamanga m'kanjira kofunira chakudya. Agogo anangoti Yosefe sanafune timawaya kuti amasulire ng'ombe zisanu ndi ziwiri za Farao.

Ine pandekha ndaima apa: loto limamangidwa ndi njerwa za wolotayo. Agogo amalota malemu agogo aamuna chifukwa anakhala nawo zaka zoposa 40. Sanalotepo mayeso, ndipo ine sindinalotepo chinamwali. Choncho loto likandivutitsa, ndayamba kudzifunsa chimene chikundidya masana, m'malo mofunsa amene akundilodza usiku. Koma kuwauza agogo kuti amuna awo sabwera, pamene iwo amadzuka mtima uli m'malo akawalota, ndaona kuti si ntchito yanga.

Balani lachitatu tinagawana ndi mphwanga. Iye amasonkhezera moto mpaka 2 koloko, ine ndimawerenga ola limodzi ndi theka kukangoda, n'kugona, n'kudzamulandira. Beseni linabwerera kwa mayi a kunyumba, amene ankalifunafuna. Kamayeso kotsatira ndinapeza 21, ngakhale ndivomereze kuti mafunso ena anali obwereza.

Usiku wa Lamulungu ndinalota ndili m'chipinda cha mayeso, woyang'anira akugawa masamba a fodya m'malo mwa mapepala, ndipo langa linali lobiriwira, losapsa, cholembera chikungoterereka. M'mawa ndinawauza agogo ndikuseka, ndimvekere apa palibe chomasulira, ndi balani ndi Biology zasakanikirana. Iwo sanaseke. Anafunsa ngati tsambalo linali lathunthu kapena lobooka, ndipo nditati lathunthu, anagwedeza mutu nati ndikhoza, koma ndisauze anthu ambiri.